Ku London n'kutali bwanji?

Sikelo ya m'manja yati 26.

Mayi wa chitenje chobiriwira wayang'ana manambalawo, wayang'ananso mwana wake wamkazi, kenako wagwada pomwepo pa malo oimika magalimoto n'kutsegula zipi ya sutikesi. Malire ndi makilogalamu 23. Atatu achoke basi.

Pamwamba pali zitenje ziwiri zopinda bwino. Kunsi kwake kuli mpunga wa Kilombero, ufa woyera womanga m'majumbo awiri, mabotolo a Nali olowetsa m'masokosi kuti asasweke, ndi usipa wouma umene fungo lake lafika kale pa galimoto yoyandikana nayo.

"Chotsani mpungawo amayi, kumeneko umapezeka."

"Umapezeka wa Kilombero?"

Mpunga watsala momwemo. Zatuluka ndi nsapato.

Ano ndi masana a tsiku wamba pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Wapaulendo ndi mmodzi, koma operekeza adzaza minibasi yathunthu. Alipo amalume ake atavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, alipo abusa oti apemphere, alipo ana ovala zovala za Lamulungu. Kamnyamata kena kakukoka dzanja la wapaulendoyo.

"Azakhali, ku London n'kutali bwanji?"

"Ndikafika mawa m'mawa."

Funso limeneli likufunsidwa m'makomo ambiri masiku ano. Anamwino, osamalira okalamba, ophunzira, asilikali amene analowa gulu lankhondo la Britain, agogo oitanidwa kukaona chidzukulu chobadwira kunja, onsewa amadutsa pa khomo lomweli. Ndipo yankho la azakhali aja ndi loona ndithu. Koma kuseri kwa "mawa m'mawa" kuli nkhani yaitali kuposa ulendowo.

Nambala yake

Tiyambe ndi chimene sichisintha.

Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kukafika pa bwalo la Heathrow ku London, ukawongola osakhota, pali makilomita pafupifupi 8,000. Ndiye kuti utalika kwa dziko la Malawi, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, kubwereza kasanu n'kanayi.

Amene akufuna kuona njirayo ndi maso asadalire mapu opachika pakhoma. Mapu ambiri a m'makalasi mwathu amatsata kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka m'chaka cha 1569, kamene kamafufumitsa mayiko a kumpoto n'kuchepetsa Africa. Pa mapu amenewo Greenland amaoneka ngati akupikisana ndi Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuposa Greenland ka 14. Mwana wokulira pa mapu otere amaganiza kuti ulendo wa ku London wambiri umakhala ku Ulaya.

Ayi. Wambiri ndi wa mu Africa momwe muno.

Tengani mapu obulungira aja amakhala mu ofesi ya ahedi. Gwirani ulusi, chala china pa Lilongwe, china pa London, n'kukoka. Ulusiwo udutsa kummawa kwa Zambia, ulambalala kummawa kwa nyanja ya Tanganyika, ulowa mu Congo, ukwera mpaka ku Chad. Mukaupinda pakati, theka la ulendo likugwerani m'chipululu cha Sahara, kumpoto kwa Chad, kumene kulibe mudzi kapena mtengo. Mukatero mutsala ndi Libya yense musanaone madzi a Mediterranean. France ndi England ndi kachidutswa kotsiriza chabe.

Ndege za masiku ano zimathamanga makilomita oyandikira 900 pa ola, zili m'mwamba makilomita 10 mpaka 12. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, choncho ndege imakhala pamwamba pake katatu kapena kanayi, kunja kukuzizira madigiri 50 pansi pa ziro. Pa liwiro lotere, kuphatikiza nthawi yokwera ndi yotsika, ulusi uja ndi ulendo wa maola 10.

Maola 10 okha. Munthu akhoza kudya mgonero ku Area 25 n'kukamwa tiyi wa m'mawa ku London.

Ngakhale wotchi sivuta. London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Wopita ku America kapena ku China amavutika masiku angapo, tulo tikubwera masana. Wa ku London vuto limenelo alibe.

Koma palibe ndege ya anthu imene ikuyenda pa ulusi umenewo lero.

Makomo atatu

Wochoka ku Lilongwe kapena ku Chileka amayenera kugogoda kaye pakhomo pa anthu ena. Makomo akuluakulu ndi atatu: Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg.

Ya ku Nairobi ndiyo yoyandikira ulusi uja. Makilomita 1,400 ndi pang'ono kukafika ku Kenya, kenako oposa 6,800 mpaka ku London. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 8,250.

Ya ku Addis Ababa imakhotera kummawa pang'ono. Makilomita 2,600 oyamba, enanso 5,900. Ndiye 8,500.

Ya ku Johannesburg ndiyo yodabwitsa. Munthu wopita kumpoto amayamba wathawira kummwera makilomita pafupifupi 1,500, n'kukakwera ndege ina imene iyende makilomita oposa 9,000 kwa maola 11. Usiku umenewo amadutsanso m'mbali mwa dera lomwe anachokera masana, ali m'tulo. Ulendo wonse umapitirira makilomita 10,500, ndipo 2,500 a iwo ndi ongozungulira.

Komabe makilomita owonjezerawo si amene amatopetsa. Chotopetsa ndi mpando wa pa bwalo la ndege.

Pa bwalo la Bole ku Addis Ababa, cha m'ma 10 koloko usiku, mumakhala mulibe popondapo. Ndege zochokera mbali zonse za Africa zimatera motsatizana madzulo, n'kukhuthula anthu ake m'khonde limodzi lalitali. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 2,300, ndiye usiku kumazizira. Amene wachoka ku Salima atavala shati yokha amadziwa msanga chifukwa chake amalume aja anali ndi jekete.

Amalawi sasowana pamenepo. Wina wamva mnzake akuyankha foni kuti "eya, tafika bwino, tikudikira ina," basi watembenuka. Moni, kwanu n'kuti, mukupita kuti. Wina ku Manchester, wina ku Leicester, wina ku Glasgow. Gogo amene akukwera ndege koyamba, pasipoti ili m'kachikwama kolendewera pakhosi, amapeza pomwepo womulondolera ku geti, womuwerengera zolemba pa sikirini, womuuza kuti botolo la madzi alisiye asanafike pa makina ofufuzira. Ana a gogoyo ali ku England maso ali pa foni, ndipo mtima umakhala pansi akamva kuti mayi awo apeza "mwana wa kwathu" pa mzere.

Ndege za ku Ulaya zimanyamuka pakati pa usiku kapena kupitirira apo. Maola asanu ndi atatu m'mwamba, kenako kuwala kwa mbandakucha pa mtsinje wa Thames. Kuchokera pa nthawi imene ndege yanyamuka ku Lumbadzi papita maola 17, mwina kuposerapo ngati inayamba yatera kwina kukatenga anthu.

Tsono yerekezani ndi izi. Ndege ya Singapore Airlines yochoka ku Singapore kupita ku New York imayenda makilomita oposa 15,300 osatera paliponse, kwa maola 18 kapena 19. Mtunda umenewo ndi wathuwu pafupifupi kawiri. Nthawi yake ndi yomweyo imene Mmalawi amathera pa njira ya ku London. Mu 2018 Qantas nayo inayamba kuchoka ku Perth ku Australia mpaka ku London, makilomita 14,500, ulendo umodzi.

Makina sakulephera. Makilomita 8,000 ndi masewera kwa Boeing 787 kapena Airbus A350, ndege zomwe zimaterako kale ku Lumbadzi.

Palinso china chimene mapu sanena. Mlengalenga muli eni ake. Nkhondo itabuka ku Sudan mu Epulo 2023, mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa, ndipo ndege zochokera kummawa kwa Africa zinayamba kulambalala, zambiri kutsata Nyanja Yofiira ndi Egypt. Mu Ogasiti chaka chomwecho asilikali amene analanda boma ku Niger anatsekanso kwawo, ndege za pakati pa Johannesburg ndi London n'kumazungulira. Mlengalenga mwa Libya makampani ambiri akhala akumupewa kwa zaka. Akuluakulu akumbukiranso kuti kuyambira 1963 mayiko ambiri a mu Africa ankakaniza ndege za South African Airways kudutsa kwawo chifukwa cha tsankho, moti zinkazungulira kumadzulo kwa Africa n'kukamwa mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde.

Mfuti ikalira ku Khartoum, tikiti ya ku Lilongwe imamva.

Kale zinkatheka

Achinyamata ambiri sakhulupirira akamva kuti ndege yolembedwa dzina la Malawi inkatera ku London. Koma tisanafike apo, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Ndege zisanabwere, wochoka ku Blantyre kupita ku Britain ankawerenga masabata. John Chilembwe, pochoka ndi Joseph Booth mu 1897, anayenda pa madzi. Njira ya masiku amenewo inali mtsinje wa Shire, Zambezi, doko la Chinde, kenako sitima ya panyanja yaikulu.

Mu 1932 kampani ya Imperial Airways inatsegula njira ya ndege kuchokera ku London mpaka ku Cape Town. Ulendowo unali wa masiku 11, kutera kambirimbiri ndi kugona panjira. Inkadutsa pafupi nafe, ku Mbeya, ku Mpika ndi ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, koma Nyasaland inali pambali.

Kenako panabwera chaka chimodzi chodabwitsa. Kuyambira chakumapeto kwa 1949, ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi, za mtundu wa Short Solent, zinayamba kutera pa nyanja yathu ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi South Africa. Taganizani msodzi wa ku Chembe ali m'bwato, chindege cha mainjini anayi chikutsika n'kung'amba madzi patsogolo pake, azungu a ku England n'kutulukamo kukagona pa hotela ya m'mbali mwa nyanja. Ulendowo unkatenga masiku angapo, kutsata mtsinje wa Nile ndi nyanja za mu Africa, chifukwa madzi ndiwo anali bwalo lake. Pofika Novembala 1950 BOAC inasiya ndege zotera pamadzi, ndipo hotela ija sinachedwe kufa.

Chinazipha ndi liwiro. Pa 2 Meyi 1952 ndege ya de Havilland Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36, ulendo woyamba padziko lonse wa ndege ya jeti yonyamula olipira. Inatera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, n'kufika ku Johannesburg maola 24 asanakwane. Masiku 11 anasanduka tsiku limodzi m'zaka 20 zokha.

Pa 6 Julaye 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, khamu likumudikira. Mbiri ya dziko lino inalowera pa bwalo la ndege.

Ndiye panabwera VC10.

Air Malawi, imene inayamba mu 1964 pansi pa Central African Airways n'kuima payokha mu 1967, inagula ndege ya Vickers VC10 kwa British Caledonian mu 1974. Kumapeto kwa chaka chomwecho inayamba ulendo wa Blantyre mpaka ku bwalo la Gatwick ku London, kudzera ku Nairobi. Inali ndege ya mainjini anayi kumchira, yopangidwira mabwalo otentha, okwera komanso a misewu yaifupi ngati a ku Africa kuno. Amene anakulira ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Chirimba zaka zimenezo saiwala mkokomo wake.

Munthu ankakwera pa Chileka n'kukatsika ku England m'ndege yomweyo, pa mpando womwewo, olandira alendo ake akulankhula Chichewa.

Koma VC10 inkamwa mafuta koopsa, pa nthawi imene mitengo ya mafuta padziko lonse inali itapenga. Ndipo inali imodzi yokha. Ikadwala, ulendo wafa. Mu 1979 inaimitsidwa, ndipo pambuyo pake inakhala zaka zambiri pambali pa bwalo la Chileka ikuchita dzimbiri mpaka anaiphwasula.

Bwalo la Kamuzu litatsegulidwa mu 1983, ndi msewu wa ndege wotalika makilomita atatu ndi theka, makampani a ku Ulaya anabwera okha. British Airways inkatera ku Lilongwe, KLM ya ku Netherlands nayonso. Mu 1985 Air Malawi inabwereka Boeing 747SP ku South African Airways kuti inyamule Kamuzu pa ulendo wake wa boma ku Britain. Zaka zimenezo London inali pafupi ndi Lilongwe kuposa lero, kwa ochepa amene anali ndi ndalama ndi chilolezo chotuluka.

Kenako anachoka mmodzimmodzi.

Sitinasiyidwe tokha. British Airways inasiya Harare mu 2007, Dar es Salaam ndi Lusaka mu 2013, Entebbe mu 2015. Air Malawi nayo inathetsedwa mu 2013 ngongole zitaimiza. M'malo mwake munabwera kampani imene lero ndi Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines 49. Ndege zake zimafika ku Johannesburg, Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi Nairobi. Kutsidya kwa Sahara ayi.

Masamu a mipando

Chifukwa chake si chinsinsi kwa aliyense amene anakhalapo m'minibasi pa depoti, kondakitala akukana kunyamuka mpaka mpando wotsiriza utadzaza.

Ndege yoyenda makilomita 8,000 imakhala ndi mipando 250 mpaka 350. Pa ola imatentha mafuta pafupifupi matani asanu, ndiye ulendo wa ku London ndi matani 50, kupita kokha. Mafuta amenewo ku Malawi amabwera pa msewu kapena pa njanji kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amafika atakwera kale mtengo. Kuti kampani ipindule imafunika kudzaza mipando yambiri ulendo uliwonse, kupita ndi kubwera, Febuluwale ngati Disembala. Imafunikanso anthu a mipando ya kutsogolo, olipira katatu kapena kanayi kuposa enawo, ndi katundu wolipira bwino kunsi kwa ndege.

Nairobi ili nazo zonsezo. Maluwa ndi ndiwo zamasamba za ku Kenya zimakwera ndege usiku uliwonse kupita ku Ulaya. Alendo okaona nyama amadzaza kumbuyo, a mabungwe ndi a makampani amadzaza kutsogolo. Katundu wathu wamkulu, fodya, tiyi ndi shuga, ndi wa pa sitima ya pamadzi.

Addis Ababa inasankha njira ina. Ethiopian Airlines imafika m'mizinda yoposa 60 ya mu Africa. Imatola anthu 30 ku Lilongwe, 20 ku Lubumbashi, 40 ku Harare, ena ku Maputo ndi ku Entebbe, n'kuwaphatikiza usiku m'ndege imodzi ya ku London. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kachitidwe kake ndi komweko. Mzinda uliwonse pawokha sungadzaze ndegeyo. Yonse pamodzi imaidzaza tsiku ndi tsiku.

Kunena chilungamo, dongosolo limeneli latithandiza. M'masiku a VC10 munthu ankadikira tsiku la ndege. Lero akhoza kunyamuka tsiku lililonse, ndipo kuchokera ku Addis kapena ku Nairobi njira zilipo za ku Manchester, Washington, Guangzhou ndi Mumbai. Anthu a ku Chipata, amene Lilongwe ili pafupi nawo kuposa Lusaka, amapindulanso ndi khomo lomweli.

Koma mtengo wake tikuulipira. Pamene makampani ndi ochepa, tikiti imakwera. Si zachilendo kupeza kuti wochoka ku Johannesburg, amene ali kutali ndi London kuposa ife, walipira zochepa. Mayiko a mu Africa anagwirizana mu 1999, pa chimene chimatchedwa Yamoussoukro Decision, kuti atsegulirane mlengalenga, ndipo mu Januwale 2018 African Union inakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a pandege. Pa pepala zinatheka kalekale. Pa kauntala yogulitsira matikiti sizinafike bwino.

Mtunda wa m'thumba

Tikiti ya ndege imawerengedwa m'madola. Malipiro a mphunzitsi amabwera m'makwacha.

Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. London sinasunthe ngakhale sentimita imodzi, koma kwa banja limene linkasunga ndalama kuti likaone mwana pa tsiku lolandira digiri, inathawira kutali usiku umodzi. Kusowa kwa ndalama zakunja kumapwetekanso makampani a ndege, chifukwa amagulitsa matikiti m'makwacha n'kumavutika kuwasintha kuti atumize kwawo. Kampani imene ndalama zake zatsekeredwa siganiza zowonjezera maulendo.

Ndiye pali viza. Mmalawi sangakwere ndege ya ku Britain popanda iyo. Fomu ya pa intaneti, masitetimenti a ku banki, kalata ya kuntchito, kalata ya woitana, kukadinda zala, kulipira, kenako kudikira masabata atatu ngati zonse zayenda bwino. Akakana, ndalama sibwerera. Ulendo wa maola 17 umayamba mwezi wathunthu ndege isananyamuke.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa poyera kuti mtunda umatha kufutukuka ndi cholembera. Pa 1 Epulo 2020 Malawi inaimitsa ndege za anthu zochokera ndi zopita kunja, n'kudzatsegulanso pa 1 Sepitembala. Mu Januwale 2021 Britain inaika Malawi pa mndandanda wake wofiira, ndipo pasanapite nthawi wofika kuchokera kuno ankayenera kubindikiritsidwa masiku 10 mu hotela, kulipira yekha mapaundi 1,750, amene anadzakwera kufika pa 2,285. Tinachotsedwa mu Okutobala, n'kubwezeredwanso kumapeto kwa Novembala chifukwa cha Omicron, mpaka pakati pa Disembala. Anthu anagula matikiti a Khirisimasi n'kuwaona akufa m'manja.

Tisaiwalenso mtunda wa kuno kwathu. Wochokera ku Karonga kapena ku Nsanje amathera tsiku lathunthu pa msewu wa M1 asanaone n'komwe mpanda wa bwalo la ndege. Amafika ku Lilongwe dzulo lake n'kugona kwa achibale, kuopa kuti basi ingafe panjira. Maola amene wa ku Karonga uja watha pakati pa Mzuzu ndi Lumbadzi ndi ambiri kuposa a pakati pa Lumbadzi ndi Addis Ababa.

Foni ya usiku

Amene amaudziwa bwino mtunda umenewu ndi amene analandirapo foni ya 2 koloko usiku ali ku Leeds kapena ku Luton.

"Achemwali, limbani mtima. Amayi atisiya."

Kwathu maliro sachedwa. Kumudzi kopanda mochale thupi silingadikire. Adzukulu amayamba kukumba m'mawa, anthu asonkhana kale pa siwa, chakudya chikutha. Wa ku England uja ayenera kupempha tchuthi kuntchito, kupeza mpando pa ndege ya tsiku lomwelo pa mtengo umene ulipo, kuthamangira ku Heathrow, kugona m'mwamba, kudikira ku Addis kapena ku Nairobi, kutera ku Lumbadzi masana a tsiku lachiwiri, kenako galimoto mpaka ku Mzimba kapena ku Phalombe. Zikayenda bwino kwambiri ndi masiku awiri. Kumudzi akuluakulu amakhala pansi kukambirana: timudikire kapena tiike?

Ambiri amaonera mwambo wonse pa foni, mdzukulu wina ataimika kamera pafupi ndi manda, netiweki ikudukaduka. Ena sayesa n'komwe kunyamuka, chifukwa mapepala awo ali m'manja mwa boma la kumeneko, ndipo akatuluka sadzalowanso.

Imfa ikachitikira ku Britain, ulendo ndi wolemera kuposa apo. Thupi likonzedwe, zikalata za imfa ndi zololeza kulitulutsa m'dziko zipezeke, bokosi lotsekedwa mwapadera ligulidwe, malo a katundu m'ndege alipiridwe. Ndi mapaundi masauzande angapo, ndipo nthawi zambiri pamapita masabata. Magulu a Amalawi a pa WhatsApp amadzuka: uyu mapaundi 20, uyu 50, mndandanda wa osonkha ukutalika usiku wonse. Anthu amene sanamuonepo malemuyo amapereka, podziwa kuti mawa ndi iwo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Bokosilo nalo limasintha ndege pa khomo la eni ake, n'kudikira ola lake m'nyumba ya katundu.

Ndikaona zimenezi ndimakana mawu oti maola asanu kapena asanu ndi awiri owonjezera pa ulendo ndi nkhani ya anthu olemera okha. Kwa namwino wa ku Bradford, maola amenewo ndi amene amasiyanitsa kuponya dothi m'manda a mayi ake ndi kupeza anthu atabalalika.

Zimene zili m'manja mwathu

Kugula chindege china chachikulu kuti tibwezeretse ulemerero wa 1974 kungakhale kubwereza zimene zinaimitsa VC10. Ndege imodzi, ngongole yaikulu, mipando yopanda anthu miyezi ya mvula. Mayiko oposa ife pa chuma ayesa n'kupsa manja.

Zilipo zing'onozing'ono zimene zingafupikitse ulendowu osagula ndege. Nthawi zonyamukira kuno zigwirizane ndi za ku Nairobi ndi ku Johannesburg kuti kudikira kuchepe. Makampani ambiri aloledwe kutera kuti apikisane pa mtengo. Misonkho ya pa tikiti iunikidwe. Makampani a ndege azitha kutulutsa ndalama zawo osagwada. Msewu wa M1 ukhale woti munthu n'kuwerengera nthawi yofikira.

Bwalo lenilenilo lilipo. Nyumba yake inakuzidwa ndi thandizo la Japan, ntchito n'kutha mu 2019, ndipo msewu wa ndege ndi womwe uja unkalandira British Airways. Kampani iliyonse yoganiza zotsegulanso njira ya London idzafunsa mafunso awiri. Kodi anthu 250 apezeka katatu pa sabata, chaka chonse, mbali zonse ziwiri? Nanga kunsi kwa ndege tidzaikako chiyani?

Funso loyamba likudalira alendo obwera ku nyanja, ku Liwonde, ku Majete ndi ku Nyika, pamodzi ndi ana athu a kunja amene akuchuluka chaka ndi chaka. Lachiwiri likudikira alimi a mango ku Salima ndi a ndiwo zamasamba ozungulira Lumbadzi, ndi nyumba yozizira yosungiramo zokolola zawo pafupi ndi pamene ndege imaima.